Chaka Chimene Ndinabisa Sipanala

Ndiyambe ndaulula ndekha uchitsiru wanga, chifukwa ndikachedwa akazi anga, amake Daliso, aulula, ndipo iwo akamaulula amathirako tsabola. Zaka zonse zimene ndinakankha odwala pa kiliniki ina muno mu Lusaka, ndinkakhulupirira kuti munthu amagwira ntchito chifukwa cha mantha basi. Bwana weniweni, ndinkatero, ndi uja akatsokomola mu ofesi, inu pakhonde mwaimirira kale. Ndinkakhulupiriranso kuti wantchito wochenjera amakhala ndi kanthu kamene wabisa, kuti tsiku lofuna kumuchotsa ayambe amufunafuna. Sukulu ndinalekera giledi faifi kwathu ku Katete, koma nzeru ziwirizi ndinkaphunzitsa anamwino a madipuloma, ulere.

Chaka chimene ndikunena ndi chachiwiri cha korona. Mvula inagwa bwino, chimanga chinabereka. Njala ya chaka chimenecho sinali ya m'mimba yokha. Inali ya mpweya, ndi ya manja ogwira odwala.

Novembala

Mvula yoyamba inatipeza ku Lilayi, ine ndi amake Daliso, pa kamunda kamene anatibwereka mkulu wina wa kumpingo. Timakhala ku Kabwata, m'kanyumba ka kuseri kwa eni, pamalo poti ngakhale tomato mmodzi sungabzale osapempha. Ndiye tsiku lopuma lililonse tinkakwera basi ndi makasu okulunga m'saka, kondakitala akudandaula kuti tibaya anthu miyendo. Feteleza anali atakwera moti thumba tinangoliyang'ana. Tinagula wa pa meda, kachitini koyezera kaja, kawiri kokha, n'kumathira ndi chitsekero cha botolo ngati mankhwala a mwana.

Korona anthu ankati watha. M'mabasi masiki anali atatsikira pachibwano ngati ndevu. Ankati anali matenda a anthu a ku Kabulonga okwera ndege, ife oyenda pa Kamwala fumbi linatikhwimitsa kale. Tenti yaikulu imene anatimangira kuseri kwa kiliniki, yogonekamo odwala korona, inalibe munthu. Amake Joyi, mayi wokolopa, ankayanikamo zokolopera zawo.

Mkulu wa kiliniki tinkawatcha Ba Memo. Dzina lawo lenileni ndisunga, ana awo ndi ataliatali. Ba Memo sankalankhula ndi munthu, ankalemba. Ukachedwa, memo. Ukaseka mokweza pakhonde, memo. Wokhoma mapepalawo pa bolodi ndinali ine, mapini m'kamwa, ndikudzimva ngati wachiwiri wawo. Ndinkawakonda kwabasi.

"Awa ndiye bwana," ndinkauza anzanga. "Taonani mmene tikunjenjemerera."

Disembala

Tikupalira koyamba, chifuwa cha korona chinabwerera. Poyamba mmodzi, awiri. Khirisimasi isanafike amake Joyi anachotsa zokolopera zawo, mabedi analowa anthu.

Ba Memo anasonkhanitsa makatoni onse a masiki, magolovesi ndi malaya apulasitiki aja, anatsekera m'kabati ya mu ofesi yawo, kiyi m'thumba. Memo inati masiki imodzi pa munthu pa sabata, kulandira Lolemba. Chingwe chikaduka Lachitatu, usoke. Anamwino ankayanika masiki pa waya ngati tinsomba ta kapenta. Palibe ankadziwa kuti m'kabatimo muli zochuluka bwanji. Ena ankati mwadzaza mpaka pamwamba ndipo zikutuluka usiku kukagulitsidwa. Ena ankati mulibe kanthu, bwana akulondera mphepo.

Ndiye aliyense anayamba kubisa. Njala ikalowa m'nyumba, mayi amabisa ufa ngakhale kwa mwamuna wake. Uyu magolovesi m'chikwama, uyo botolo la sanitaiza kuseri kwa mafayilo. Ine ndinayang'ana chimene chingandisunge pantchito. Masilinda a okosijeni, mpweya uja wothandiza odwala kupuma, ali mitundu iwiri. Ena amatseguka ndi dzanja ngati mpopi. Ena, akuluakulu aja, amafuna sipanala yakeyake, kachitsulo ka kabowo ka makona anayi, kosapezeka kwa makanika wamba. Tinali nazo ziwiri. Imodzi inkalendewera pa msomali mu tenti. Inayo ndinaiponya m'thumba la ovolosi yanga, ndinaisisita, ndinati, "Iwe ndiwe penshoni yanga."

Januwale

Januwale ndi mwezi woipa ngakhale chaka chabwino. Chimanga kumunda chili m'chiuno, m'nyumba ufa wa pamela, timapulasitiki tija togula tsiku ndi tsiku. Chaka chimenecho ndimu imodzi inafika mtengo wa dzira, poti aliyense ankawiritsa ndimu ndi jinja. Mitengo ya bulugamu ya cha ku Woodlands inapululidwa masamba mpaka pofika dzanja la munthu wokwera pa njinga, anthu akufukiza nthunzi atafunda mabulangete.

Kuntchito kunali losita, pepala la mayina a olowa mu tenti sabata imeneyo. Ba Memo ankalemba okha, chitseko chotseka, n'kundipatsa ndikakhome. Sipanatenge nthawi kuti tione kasankhidwe kake. Chilufya, namwino wa ku Kitwe, mtsikana wosachedwa kutsegula pakamwa, anawaimitsa pakhonde tsiku lina.

"Ba dokota, nanga imwe muzangena liti mu tenti? Odwala bafunsa ngati kuno kuli dokota."

Ba Memo anamuyang'ana pamwamba pa masiki awo awiri. Lolemba dzina la Chilufya linali pamwamba, masabata atatu otsatizana. Amake Joyi anapempha magolovesi ena poti awo anabooka. Nawonso, tenti. Tenti inasanduka ndende. Wolowamo ankalowa ngati wolakwa, ndipo wodwala amamva m'manja mwa womugwira kuti munthu uyu wachita kukankhidwa.

Anthu anayamba kudwala matenda a papepala. Msana. Mutu waching'alang'ala. Maliro a amalume a ku Mansa, amene mwezi umenewo anamwalira kawiri. Ine ndinapeza njira yangayanga. Losita isanatuluke ndinkathamanga kuzungulira mpanda wa kiliniki kawiri, n'kukakhala pa benchi mwaulemu kuti andiyeze bipi. Makina ankakwera mpaka woyeza kugwira pakamwa. Masiku atatu opuma. Ndinkakathira feteleza ku Lilayi.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. Eni nyumba anati ndizitunga madzi iwo akatha, ndipo ndikachoka ankatsuka mpopi ndi sopo. Oyandikana nawo amene kale ankabwera kudzapempha panado anayamba kutipatsa moni ali kutsidya kwa msewu. Chilufya naye, kondakitala anamutsitsa m'basi ataona yunifomu.

"Siyani ntchitoyi, atate ake Daliso," ankatero mayi a kunyumba. "Mukufera ndani? Munthu wosadziwa n'komwe dzina lanu?"

"Amandidziwa. Amandiitana Pota, wokankha odwala."

"Pota ndi dzina? Anakubatizani liti?"

Febuluwale

Amake Joyi anayamba kutsokomola chimanga chikumasula ngayaye. Anagona mu tenti momwe ankakolopa, bedi lachitatu kuchokera kukhomo. Ndinawaona kamodzi, nditasuzumira pa kawindo ka pulasitiki, pakuti kulowa sindinalowe. Anakweza dzanja. Sindidziwa ngati unali moni kapena ankandiitana. Ndinakweza langa, ndinabwerera. Patapita masiku anayi anatisiya.

Kuno mnzako wa kuntchito akamwalira, ntchito imayenda ndi mwendo umodzi. Mumapita kunyumba ya maliro, amuna panja, akazi m'nyumba, bwana amapereka galimoto n'kukanena mawu awiri kumanda. Tinkadziwa kuti chaka chimenecho khamu silinkaloledwa. Sitinkapempha khamu. Tinkadikira kuti munthu atuluke mu ofesi, aime pakhonde, anene kuti mayi uja anali wathu. Inatuluka memo. Inati ogwira ntchito akukumbutsidwa kuti kupita kumaliro nthawi ya ntchito n'koletsedwa, ndiponso kuti malo a wokolopa mmodzi ali opanda munthu. Ndinaikhoma ndine.

Chilufya anawerenga mpaka pansi, anatembenuka.

"Ba Tembo, mwaikhoma mushe. Yaongoka."

Ndinachokapo, mapini ali m'kamwa.

Sabata yotsatira, mwa anamwino khumi ndi awiri anabwera asanu. Odwala ankagona pa mabenchi, abale awo akumenya geti. Memo zinachuluka mpaka mapini anandithera, koma pepala silitembenuza wodwala, silimupatsa madzi.

Tsiku lina poweruka ndinawapeza Ba Memo m'galimoto yawo, injini yozima, akupukuta chiwongolero ndi sanitaiza. Kupukuta, kupukutanso. Ndinadzamva pambuyo pake kuti akazi awo ali ndi shuga, ndipo iwo ankagona m'galaja. Ankaopa ngati ife tomwe. Kungoti mantha awo ankawataipa n'kutigawira. Mwezi usanathe anawaitana ku maofesi akuluakulu. Ena amati anawakweza. Sanatsanzike.

Malichi

Anatisiyira Sista Mwape kuti agwirizire. Mayi wamfupi wa ku Luapula, wokhala ku Chelstone, wokwera mabasi awiri, wosaseka. Zaka zonse tinkawadziwa ku chipinda cha azimayi oyembekezera, okalipa ukaponda pokolopa. Ndinati mumtima, awa sakhalitsa, alibe ngakhale galimoto.

Tsiku loyamba anatiitana tonse pansi pa mtengo wa mango, motalikirana, ndi alonda omwe. Anatuma amuna awiri kuti anyamule kabati ija aitulutse panja. Anatsegula. Tonse makosi anatalika. Munali makatoni atatu, limodzi latheka.

"Ndiye vamene tili navo," anatero. "Kulibe vina. Tizagabana bwanji? Nimvele kuli imwe."

Tinayang'anana. Sitinazolowere kufunsidwa. Kenako Chilufya anati olowa mu tenti azilandira tsiku lililonse, a m'maofesi avale zansalu. Sista anati, "Tachita so," ndipo kiyi anapatsa Chilufya yemweyo.

Atatero anakokera katebulo pakati.

"Manje, niziba ati aliyense ali na kantu kamene anabisa. Naine nili nako." Anatsegula chikwama chawo, anatulutsa bokosi la magolovesi, analiika patebulo. "Sinizalemba zina ya muntu. Nizayang'ana kumwamba."

Anayang'anadi m'mwamba mwa mango ngati akuwerenga masamba. Anthu anayamba kusekera m'masiki, kenako mmodzimmodzi anadzuka. Magolovesi, masiki, sanitaiza, zoyezera kutentha thupi zitatu zimene tinazilira kalekale. Tebulo linadzaza. Langa dzanja linalowa m'thumba, linagwira sipanala, chitsulo chofunda ndi thupi langa. Ndinaganiza kuti mabwana amasintha ngati nyengo, awa akachoka kudzabwera Memo wina. Dzanja linatuluka lopanda kanthu. Ndinaomba nawo m'manja.

Losita Sista analembera pomwepo, pabondo. Dzina loyamba analemba lawo, Lamlungu ndi Lachitatu. Kenako ankafunsa aliyense kuti kunyumba kuli ndani. Wa mwana woyamwa, wa mayi wokalamba, ankamuika kutsogolo kolandirira odwala. Ena onse mosinthana, masiku awiri mkati, awiri kunja. Anafika pa ine.

"Ba Tembo. Ndimwe ba Lufeyo, ai?"

"Ndine, mayi."

"Zaka zanu zapita. Mu tenti simuzangena. Masilinda muzisiya pa komo chabe." Anatsitsa mawu, koma osati kwenikweni. "Na kutamanga kuzungulila mpanda muleke. Muzatifela zoona."

Anthu anaseka mpaka mlonda anakhala pansi. Miyezi yonse ija mayiwa ankandionera pawindo la chipinda chawo. Chimene ndinkachithamangira ndinachipeza nditakhala, koma chinandiwawa ngati andilanda kanthu.

Loweruka lake Sista anapempha galimoto ya kiliniki, anatenga anthu anayi ndi thumba la ufa, anapita kwa ana a amake Joyi. Amene anapita nawo amati anavula nsapato pakhomo n'kukhala pa simenti, miyendo chotambasula, ngati mayi wina aliyense wa pamaliro.

Epulo ndi Meyi

Tinayamba kudya dowe. Maungu anatsika mtengo, pamela tinamusiya. Matenda nawo anatsika, tenti inapumako. Odwala a papepala anachira mmodzimmodzi, amalume a ku Mansa analeka kumwalira. Sista sanafunse munthu kumene anali. Ankangoti, "Mwabwela. Pa Chitatu muli na ine mukati."

Musaganize kuti anali mngelo. Pakamwa pawo panali lumo. Tsiku lina anakalipira Chilufya pamaso pa odwala pa mlandu wa munthu wina, mtsikana mpaka misozi. Mawa lake anamupepesa pamalo pomwepo, anthu akumva. Ine zinandisokoneza. Bwana wopepesa ndinali ndisanamuonepo, ndipo ndinadikira kuti anthu awakwere pamutu. Sanawakwere. Anayamba kufika msanga.

Katemera asanafike, mphekesera zinali zitafika kale. Ankati ukabayidwa supuni imamata pamkono. Ankati amuna amazima ngati mbaula yonyowa. Ankati pakatha zaka ziwiri obayidwa onse adzagwa tsiku limodzi. Sista anapinda mkono wa yunifomu pakhonde, mzere wonse ukuona, anabayidwa, n'kutuma mlonda kukatenga supuni ku kantini. Supuni inagwa pansi ngwee. Ine ndinabayidwa wachisanu ndi chiwiri, nditaona kuti asanu ndi mmodzi aja akuyendabe. Za mbaula musandifunse ine.

Meyi chimanga chinauma. Tinadula mapesi, tinaimika mikukwe, tinayamba kuwerenga masiku, chifukwa akuba a chimanga cha m'mbali mwa tauni amadziwa kalendala kuposa mlimi. Kuzizira kunayamba msanga.

Juni

Juni anabwera ndi mphepo ya fumbi, ndi chifuwa chimene tinali tisanachionepo. Cha Januwale chinali mwana. Tenti inadzaza, makhonde anadzaza, ena ankapumira m'magalimoto a abale awo pa geti. M'tauni monse nkhani inali imodzi: okosijeni ali kuti, wapeza ndani. Okhoma mabokosi a maliro analeka kutsatsa malonda. Koma losita inkayenda. Palibe anabweretsa pepala la msana. Ine ndinkagubuduza masilinda kuchokera pa geti, chopendeketsa monga amachitira odziwa, kuwasiya pa khomo la tenti, n'kubwerera.

Sabata yachitatu Sista anandipatsa masiku awiri opuma.

"Kakololeni, ba Tembo, bakawalala bangamalize."

Mawu awo anali osasa, maso ofiira. Ndinati n'kutopa.

Tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka, mulu wa chimanga uli m'mawondo, foni inalira. Wilibala imene tinabwereka inali itakhota mwendo, ndipo ine ndinali nditagwada ndikuigogoda ndi chitsulo china cha m'thumba langa. Chitsulo chake mwachidziwa kale.

Anali Chilufya. Moni sanapereke.

"Ba Tembo, sipanala ya masilinda. Munaionako?"

"Ili pa msomali mu tenti."

"Ija yayenda na ambulansi kuseni, na wodwala wamene tapeleka ku chipatala chikulu. Ambulansi baigwila kwamene kuja, siibwela lelo. Yachibili, ba Tembo. Kunali yachibili."

"Inasowa kale ija." Pakamwa panayankha pokha, chitsulo chili m'manja.

"Loli yasiya masilinda sikisi, yonse ni ya sipanala. Tayesa pulayala, itelela. Tayesa ba makanika ba pa msewu, kulibe saizi. Yoseguka yasala imozi, na singano yoonesa mpweya ili pafupi kugona." Anapuma. "Bali folo pa silinda imozi. Umozi ni ba Sista. Banagwa mu tenti."

Kumbuyo kwake ndinkamva kamakina kakulira, ti, ti, ti.

"Beve bakamba ati tisakuvuteni. Ine natuma neka."

"Anena kuti musandivute?"

"Ee. Ati lekani mudala akolole."

Ndinayang'ana sipanala. Ndinayang'ana amake Daliso, amene anali ataimirira ndi chimanga m'manja, maso pa chitsulo, maso pa ine. Mayi ameneyu sukulu analekera giledi fili, koma kuwerenga nkhope anamaliza.

"N'chimenecho?" anafunsa.

Ndinavomera ndi mutu.

"Chilufya," ndinatero, "ili na ine. Nibwela."

Sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangoti, "Tamangani," n'kudula.

Ndinene zoona pano. Ikanakhala memo yondiitana, ndikanati kumunda kulibe netiweki. Ndikanabwera mawa lake n'kunena kuti chitsulo ndachitola kuseri kwa chimbudzi. Koma panalibe wondilamula. Munthu amene ankasowa mpweya anali atawononga mpweya wake wotsala kunena kuti andisiye ndikolole.

Kuchokera kumunda kufika pa tala ndi mtunda woti munthu wa zaka zanga amapuma kawiri. Sindinapume. Basi yoyamba inadutsa yodzaza. Yachiwiri inaima, koma kondakitala ankadikira kuti idzaze. Ndinamuonetsa chitsulo, ndinati anthu anayi akufa chifukwa cha ichi.

"Mudala, tonse tikufa. Nkalani pansi."

Mayi wina kumbuyo, wa dengu la repu pamiyendo, anakuwa kuti mlongo wake anamwalira sabata yatha akusowa mpweya, iwe dalaivala yendetsa motoka. Basi yonse inamuthandiza kukuwa. Tinanyamuka mipando itatu ili yopanda anthu, chinthu chimene sindinachionepo chibwerere mu Lusaka.

Cha ku Kamwala magalimoto anali ataima ngati amera mizu, a mawilibala ndi ogulitsa zovala za salaula akudutsa pakati. Foni inaliranso. Sindinayankhe, ndinaopa. Ndinatsika n'kuyamba kuthamanga pakati pa magalimoto, zinyalala za mapesi m'mutu, chifuwa chikuwotcha. Nsapato imodzi inatsalira m'ngalande, sindinaitole. Anyamata a pa siteshoni ankakuwa kuti gwirani wakuba, ena akuseka. Ine ndinkangoona dzanja la amake Joyi pa kawindo kaja.

Mlonda anali atatsegula kale geti. Pabwalo ndinaona anthu amene sanali pa losita tsiku limenelo, wa msana uja, wa amalume a ku Mansa uja, atavala kale mapulasitiki. Anangomva kuti Sista agwa, anabwera okha. Anali atakokera masilinda onse mkati, atawaimika pafupi ndi mabedi, mageji oyezera mpweya atamanga, akungodikira chitsulo cha m'thumba la chitsiru chimodzi.

Chilufya anatambasula dzanja pa khomo la tenti kuti ndimupatse. Koma masilinda ongofika kumene amabwera omangitsa, amafuna dzanja lozolowera.

"Nivalikeni," ndinatero.

Anandiyang'ana kamphindi, anandiveka. Ndinalowa, koyamba chaka chonsecho.

Mkati munkanunkha mankhwala okolopera ndi thukuta. Singano ya silinda yakale inali itagona. Ndinalowetsa sipanala pa yatsopano, ndinakoka, inakana. Ndinamenya ndi chikhatho, inakana. Manja ankaterera m'magolovesi, magalasi apulasitiki achita nkhungu. Ndinatsamiza bondo pa silinda, ndinaitana Mulungu ndi amayi anga omwe, ndinakoka ndi msana wonse. Inati tsiii. Chilufya anasamutsa mapaipi ngati akuluka tsitsi. Yachiwiri. Yachitatu. Timabotolo ta madzi ta pa mageji tinayamba kubwata.

Mmodzi mwa anayi aja, bambo wina wa ku Woodlands, anali atamuphimba kale. Anasiya kupuma ine ndili cha ku Kamwala. Anamwino amati anali wodwalitsa, mwina sakanaona m'mawa ngakhale ndi mpweya. Amati mwina. Mwina ameneyo ndimagona naye mpaka lero.

Sista anali pa bedi lakumapeto, aang'ono ngati mwana wa sukulu. Patapita kanthawi anatsegula maso, anayang'ana mapulasitiki anga, anayang'ana chitsulo. Anasuntha pang'ono kachigoba ka mpweya.

"Ba Lufeyo. Nindani anakulembani mukati?"

"Palibe, mayi." Ndinakweza chitsulo chija. "Sipanala inali na ine kuchokela Disemba. Pa tebulo paja sininaike."

Anapuma kawiri, katatu.

"Kolowekani pa msomali. Banzanu muzabauza mweka. Ine sinizalemba."

Ndinakoloweka. Nditavula mapulasitiki ndinaima pabwalo, mphepo ikuwomba, phazi limodzi lopanda nsapato, ndinawauza onse. Palibe anaseka. Chilufya anatha mwezi osandipatsa moni. Sista anachira, ndinene kuti mtima wanu ukhale pansi, ngakhale panatenga masabata atatu ndipo mpaka lero masitepe amakwera mopumira.

Ndinafika ku Kabwata kutada. Amake Daliso anali atabwera ndi matumba atatu pa kagalimoto ka munthu wachifundo. Chotsala chinagona kumunda, ndipo tonse tinkadziwa kuti sitidzachionanso. Ndinasamba panja, ndinakhala pakhomo, ndinawauza zonse, ndi za bambo wa ku Woodlands zomwe. Ndinati mawa ndilawira, ndipo Lachitatu ndadzilemba ndekha mkati, pamalo pa dzina la Sista. Ndinadikira kuti ayambe.

Anapitiriza kutong'ola chimanga m'lichero. Kenako anati:

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakukalipirani, ndakuopsezani, katundu ndamangapo kawiri, simunandithamangirepo n'kamodzi komwe. Mayi uyu wagona chagada, wanena kuti akusiyeni, inu mpaka kutaya nsapato. Akachira mubwere naye kuno adzandiphunzitse. Koma bambo wa ku Woodlands uja, mawa mufunse kumene kuli maliro ake. Mupita. Ndikuperekezani."